Tsiku Limodzi ku Mangochi

Ife okhala ku Liwonde timauona mtsinje wa Shire tsiku ndi tsiku, kotero kuti tinaleka kuudabwa. Timawoloka pa Baraji m'mawa ndi madzulo osatembenuza ndi khosi lomwe, koma tikawafunsa ana athu kumene madziwo achokera, ndi amene anadutsapo agogo athu asanabadwe, ambiri amangozyolika. Yankho lake lili pafupi, pamtunda wa makilomita 75 kumpoto kwathu, m'tauni yakale ya Mangochi imene azungu ankaitcha Fort Johnston. Banja likhoza kunyamuka m'mawa, kukaona tauniyo, ndi kubwera kudzagona m'nyumba mwake. Koma ulendo wotere ukapanda kukonzedwa bwino umangodya ndalama ndi kuliza ana.

Tikunena zimene zinationekera ife eni. Chaka china tinasonkha ndalama miyezi itatu, ndipo pofuna kuti ndalamayo ipindule kwambiri tinapangana kuti tione Mangochi, Monkey Bay ndi Cape Maclear tsiku limodzi. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ife tinafuna atatu. Ku Mangochi tinangotsika m'minibasi ina ndi kukwera ina, ku Monkey Bay tinafika dzuwa litapendeka, ndipo ku Cape Maclear sitinapondeko. Titafika kunyumba usiku tinafunsa mwana wathu wachisamba chimene anaona, iye anati anaona msana wa kondakitala. Chifukwa chake langizo lathu loyamba ndi ili: sankhani tauni imodzi, ndipo mukaiyende pansi ndi mapazi anu.

Nyengo yabwino ndi yachisanu, kuyambira Meyi kufikira Ogasiti. Mu Okutobala ndi Novembala Mangochi amatentha monga kwathu kuno, ndipo mwana wotenthedwa samva nkhani ya mbiri yakale. Mufike pasiteji dzuwa likungotuluka, pakuti minibasi sinyamuka isanadzaze, ndipo nthawi yodikira iyenera kuwerengedwa ngati gawo la ulendo. Kamba akonzedwe chadzulo lake: mbatata yophika, mtedza wokazinga, nthochi ndi madzi akumwa okwanira. Ndalama yobwerera aisunge mayi payokha pamfundo ya chitenje, ndipo isakhudzidwe ngakhale chambo cha pamsika chikope maso chotani. Ngati mufuna kulowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, funsiranitu kwa wachibale kapena mnzanu wa kumeneko ngati idzakhala yotsegula tsiku limene mwasankhalo.

Msewu wake ndi wa M3. Ukawoloka Baraji, imene inamangidwa mu 1965, umakhotera kumpoto kudzera pa Ulongwe, ndipo chakum'mawa kwake kuli nyanja ya Malombe, imene Shire amalowamo ndi kutulukamo asanafike kwathu. Ana akhale chakuzenera la kudzanja lamanja.

Koma kukonzekera kwenikweni si kamba kapena ndalama ayi. Zipilala sizilankhula. Mwana akaima patsogolo pa nsanja ya njerwa popanda womuuza nkhani yake, amaona njerwa basi. Tsono makolo adziwe nkhanizo asananyamuke, ndipo n'kwabwino kuyamba kuzikamba pa chakudya chamadzulo masiku angapo ulendo usanafike.

Muyambire pa nsanja ya wotchi imene ili pafupi ndi mlatho. Inamangidwa mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria ya ku Britain, imene inamwalira mu 1901. Funso loyenera kuwafunsa ana pamenepo ndi lakuti: chifukwa ninji azungu anamanga tauni pano, pamalo otentha ndi a udzudzu chotere? Yankho ndi mtsinje. Apa ndi pafupi ndi pamene Shire atulukira m'nyanja, ndipo panali doko lowolokera amalonda ochokera kumadzulo kupita kugombe la nyanja yamchere, atasenza minyanga ya njovu ndiponso akutsogoza akapolo. Mudzi waukulu wa Mfumu Mponda unali tsidya lakumadzulo. Mu 1891 Harry Johnston anamanga linga tsidya lakum'mawa kuti atseke njirayo ndi kukhazikitsa ulamuliro wa Britain, ndipo patapita zaka zochepa boma linasamukira tsidya lino pamene pali tauni lero. Nkhani ya akapolo ikambidwe moona, koma mosaloza chala mtundu wa anthu amene tikhala nawo, tikwatirana nawo ndi kumwera nawo chitsime chimodzi. Malonda oipawo anali ndi ogula kutali, ndipo anakola mafumu a mitundu yambiri.

Pamadzi omwewo panadutsa sitima yaing'ono ya Ilala mu Okutobala 1875, itanyamula E. D. Young ndi Dr Robert Laws. Inali itadutsa kale pano pa Liwonde, ndipo inalowa m'nyanja pa 12 mwezi womwewo kupita ku Cape Maclear. Izi ana a m'mipingo yathu amazimva kawirikawiri. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti kumapeto kwa Disembala 1889 kwa Mponda kunafikanso ansembe a ku France a chipani cha White Fathers, otumidwa ndi Kadinala Lavigerie ndi kutsogozedwa ndi Bambo Adolphe Lechaptois. Anatsegula sukulu ndi kuthandiza odwala, koma anafika pa nthawi imene Britain ndi Portugal ankalimbirana dziko lino, ndipo mu Juni 1891 anachoka kupita ku Mambwe, m'dziko limene lero ndi Zambia. Anzawo anadzabweranso mu 1902, chaka chimene misoni ya Mua inayamba.

Pafupi ndi nsanjayo pali mzinga wochokera m'sitima yankhondo ya Guendolen, ndipo apa anyamata sadzafuna kuchoka msanga. Mu Ogasiti 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, Kaputeni Rhoades anatumidwa kukawononga sitima ya Majeremani yotchedwa Hermann von Wissmann. Anaipeza itakokeredwa kumtunda pa doko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli ku Tanzania, naiwombera. Nkhani imakambidwa kuti kaputeni wa Chijeremani, amene anali bwenzi lake la Rhoades, anali asanamve kuti kwabuka nkhondo, ndipo anapalasa bwato mokwiya kudzafunsa ngati mnzakeyo waledzera. Ana amaseka pamenepo, ndipo aseke ndithu. Pambuyo pake muwauze kuti nkhondo yomweyo inatenga amuna ambirimbiri a m'midzi yathu kukasenza mtengatenga, ndipo ambiri mwa iwo sanabwerere.

Malo amene ife timakhalitsapo ndi chikumbutso cha sitima ya Vipya, pomwepo pafupi ndi mzinga. Pa 30 Julayi 1946 sitimayo, ikadali yatsopano, inakumana ndi mwera waukali kumpoto kwa nyanja, pafupi ndi Florence Bay kumene lero timati Chitimba, ndipo inagubuduzika ndi kumira. Anthu 145 anatsikira kulichete tsiku limenelo, ambiri a iwo anthu wamba a paulendo monga ife. Ilala yachiwiri, imene inayamba kuyenda mu 1951, inabwera kudzatseka mpata umene Vipya inasiya. Pamenepo ana avule zipewa, ndipo musawafulumize. Tinaona mwana wathu wamkazi, amene tsiku lonse ankangofunsa za mandasi, ataima duu kwa kanthawi, kenaka n'kufunsa ngati m'sitimamo munali ana.

Dzuwa likafika pamutu mulowe m'nyumba ya Lake Malawi Museum, imene ili pafupi pomwepo m'nyumba yakale ya kalabu ya azungu. Mmenemo muli zida za asodzi, zinthu za chikhalidwe cha anthu a m'mbali mwa nyanja, ndi chifanizo cha mbali ya kutsogolo ya Guendolen. Ola limodzi likwanira. Mukatuluka mukwere pamlatho wa Bakili Muluzi ndi kuyang'ana kumene madzi akulowera. Muwauze ana kuti madzi amene akuwaonawo ndi omwe adzadutse pansi pa Baraji kwathu. Kamba mudyere pamthunzi poonekera mtsinje, koma mwana asatsikire m'madzi ngakhale kukasamba m'manja. Ng'ona za ku Mangochi sizisiyana ndi za ku Liwonde, ndipo likodzo nalonso liliko.

Wina adzakuuzani kuti mupitirire ku linga la Fort Mangochi, m'mapiri a cha ku Namwera kumene kunali likulu la Mfumu Jalasi kufikira 1895. Ndi malo oyenera kuwaona, koma afuna tsiku lawolawo ndi miyendo yolimba. Mukane mwaulemu.

Mangochi ndi kwa abale athu Achiyao, ambiri a iwo Asilamu. Tivale modzilemekeza, tisajambule munthu kapena mzikiti tisanapemphe, ndipo ngati ulendo wagwa Lachisanu tikumbukire kuti masana ena amatseka malonda awo kupita kukapemphera. Ana aphunzire kupereka moni wa Chiyao asananyamuke. Kwa ife a ku Machinga ndi Balaka mphunzitsi wake ali khomo loyandikana nalo.

Pofika 3 koloko masana mukhale muli pasiteji, pakuti m'miyezi yachisanu dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo msewu wa usiku uli ndi njinga zopanda nyale ndi mbuzi zogona paphula. Nsomba za kunyumba mugule pomalizira penipeni, ndipo zikhale zouma kapena zowamba, chifukwa zaziwisi sizigwirizana ndi kutentha kwa m'minibasi. Mukanyamuka nthawi imeneyo mudzawoloka Baraji kukadali kowala.