Kanema wa Kamkwamba: Kunja Anamuombera M'manja, Kwathu Anadandaula ndi Chichewa

Buku likasanduka kanema, anthu amafunsa mafunso awiri: kodi nkhaniyo yakoma, nanga yasunga zoona za m'bukumo? Mafunso amenewa anamveka kwambiri m'chaka cha 2019 pamene kanema wa The Boy Who Harnessed the Wind anatuluka.

Kanemayu anachokera m'buku la 2009 limene William Kamkwamba analemba mothandizana ndi Bryan Mealer. Bukulo limasimba za moyo wake ali mnyamata m'mudzi wa Masitala, kwa Wimbe m'boma la Kasungu. Iye anasiya sukulu posowa fizi pa nthawi ya njala ya 2002, koma powerenga mabuku a sayansi mu laibulale anapanga makina amagetsi oyendera mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa.

Kunja kwa dziko lino kanemayu anamulandira bwino. Ku chionetsero cha Sundance ku America anapata mphoto ya Alfred P. Sloan, imene imaperekedwa kwa makanema onena za sayansi, ndipo m'mwezi wa Malichi anayamba kuonetsedwa pa Netflix. Ounika makanema anayamikira Chiwetel Ejiofor, amene anatsogolera ntchitoyi ndiponso anasewera ngati bambo wa William, poijambulira ku Malawi konkuno.

Kuno kwathu, ambiri ananyadira nkhaniyo koma anadandaula ndi Chichewa chake. Ejiofor anabadwira ku London, ndipo Maxwell Simba, amene anasewera William, ndi wa ku Kenya. Mlendo wowerenga mawu a Chingerezi pansi pa chithunzi sanaone vuto, koma khutu la Mmalawi linamva mawu opotoka.

Owerenga buku anapezanso kusiyana kwina. Makina oyamba a William anayatsa mababu ndi wailesi pakhomo; zopopa madzi zinabwera pambuyo. Mu kanema, makinawo akupopa madzi othirira mbewu, kuti nkhani ithere pa kugonjetsa njala.

Kwa ife a ku Phalombe, amene tikukumbukira Napolo wa 1991 ndi namondwe wa Freddy wa 2023, zithunzi za mitengo yodulidwa, madzi osefukira ndi nkhokwe zopanda kanthu si zachilendo. Choncho amene mukuonetsa kanemayu kwa achinyamata, afotokozereni kuti kanema amafupikitsa ndi kusintha nkhani, ndipo alimbikitseni kuwerenganso bukulo.