Makina Osaka Kachirombo ka HPV

Mayi wa ku Nsaru, Kabudula kapena Nambuma akhoza kulima fodya ndi kulera ana ali wathanzi, pomwe kachirombo kotchedwa HPV kakuononga mwakachetechete khomo la chiberekero chake. Kachiromboka kamafala pogonana, ndipo mwa anthu ambiri thupi limakagonjetsa lokha. Koma kakakhazikika zaka zambiri kamabala khansa, yomwe ndiyo imapha amayi ambiri m'Malawi kuposa khansa ina iliyonse.

Mitundu ya HPV ndi yoposa 100, koma yoopsa ndi pafupifupi 14. Katswiri wa ku Germany, Harald zur Hausen, adapeza mtundu wa 16 m'chaka cha 1983 ndi wa 18 m'chaka cha 1984. Mitundu iwiriyi ndiyo imayambitsa pafupifupi magawo 70 pa 100 aliwonse a khansa imeneyi.

Kuyambira 2004 boma lakhala likupima amayi popaka viniga pakhomo la chiberekero, ndipo malo odwala amayera mbee. Njirayi njotsika mtengo, koma imadalira diso la wopimayo. Njira ya kulabotale imafuna kachirombo komweko, chilonda chisanaoneke.

Namwino, kapena mayi mwini wake, amatenga chinyezi cha kumaliseche ndi kathonje ka pakamtengo. Chinyezicho amachisungunula m'madzi a mankhwala nachithira m'kabokosi kolowa m'makina a GeneXpert, omwe ndi amodzimodzi ndi opimira chifuwa chachikulu. Makinawo amaswa timaselo ndi kutulutsa DNA, ndiye kuti chizindikiro cha chibadwa cha kachiromboko. Kenaka amatenthetsa ndi kuziziritsa mobwerezabwereza, ndipo ulendo uliwonse chizindikirocho chimachuluka kawiri kufikira chitaonetsa kuwala. Njira imeneyi ndiyo PCR. Mtundu wa kuwalako ndiwo umasiyanitsa: 16 payekha, 18 pamodzi ndi 45, ndi mitundu ina 11 yotsalayo. Zonsezi zimatha pafupifupi ola limodzi, ndipo chipatala cha Nkhoma ndi chimodzi mwa zoyamba kuyesa njirayi m'dziko muno.

Ola limodzilo ndi nkhani yaikulu kwa mayi wopalasa njinga kuchokera kumidzi ya ku Namitete kapena Mpingu, pakuti ulendo wachiwiri wokamva zotsatira umadya tsiku la kumunda, ndipo ena sabwerera n'komwe. Wopezeka ndi kachirombo sindiye kuti ali ndi khansa, koma ayenera kuonedwa bwino. Ngati malo odwala ali aang'ono, amawaotcha ndi kachipangizo kotentha tsiku lomwelo. Matenda akakula, ulendo wake ndi wa ku Kamuzu Central.

M'chaka cha 2021 bungwe la WHO lidalangiza kuti kupima kotere kuziyamba pa zaka 30, koma pa zaka 25 kwa amayi omwe ali ndi HIV, popeza iwo ali pachiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi. Aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu akafikitse mawuwa kwa amayi awo, azakhali ndi alongo awo, pakuti mbewa yamanyazi idafera kuuna.

Gawo lotsatira lidzafotokoza za katemera wa atsikana a zaka 9, yemwe adafika m'dziko lonse mu Januwale 2019.