Mwana wanzeru amadziwika bwanji?

Kuno ku Ntcheu, kaya ndi ku Lizulu, ku Tsangano kapena ku Kasinje, agogo akati "mwana uyu ndi wanzeru" sanena za malikisi a kusukulu okha ayi. Amanena za mwana wotumika, waulemu, wogawana ndi anzake komanso wodziwa kulera mng'ono wake.

Akatswiri adaifufuzapo nkhaniyi. M'zaka za m'ma 1970, a Robert Serpell a ku yunivesite ya Zambia adacheza ndi Achewa a m'boma la Katete. Iwo ankafunsa akuluakulu kuti mwa ana a m'mudzimo, angatume uti patagwa vuto ladzidzidzi, nanga chifukwa chiyani. Mayankho adaonetsa kuti nzeru zili pawiri: kuchenjera ndi kutumikira.

Kwathu kuno ku Malawi, ndondomeko younikira kakulidwe ka ana yotchedwa MDAT, yomwe idatuluka mu 2010, ili ndi mfundo 136. Mwa mfundozi, 34 ndi zokhudza momwe mwana amakhalira ndi anthu.

Komatu akulu saona zonse. Mwana akhoza kugwada bwino popereka madzi kwa alendo, koma pa bwalo la mpira n'kukhala chilombo. Anzake ndi amene amadziwa yemwe amabera pa phada, yemwe amaleretsa ndewu, ndi yemwe sasankhidwa pogawa matimu. N'chifukwa chake kafukufuku wina wa pakati pa Aluo a ku Kenya, yemwe adatuluka mu 2001, adafunsa magulu atatu: ana anzawo, aphunzitsi ndi akuluakulu a m'mudzi.

Nawonso ana amalakwitsa. Akhoza kusala mnzawo wamasiye, kapena amene mayi ake akudwala, chifukwa cha zomwe amva kunyumba. Mwana wosalidwa sindiye kuti alibe khalidwe.

Tsono inu achinyamata a m'makalabu, amene mumasewera ndi ana m'midzimu, musaweruze mwana pongomvera munthu mmodzi. Funsani womulera, funsani aphunzitsi, kenako funsani ana aliyense payekha kuti, "Umakonda kusewera ndi yani?" Musafunse pagulu, ndipo musafunse kuti "Umadana ndi yani?" Mayankho akhale achinsinsi.

Mukapeza mwana yemwe dzina lake silinatchulidwe ndi wina aliyense, musamutche mayina. Mpatseni udindo, monga kusunga mpira kapena kuyambitsa nyimbo, ndipo muzimuyendera kwawo. Ngati pali nkhanza kapena kusowa chisamaliro, dziwitsani a mfumu kapena ogwira ntchito yoteteza ana m'dera lanu. Paja mwana wa mnzako ngwako yemwe.