ZA MADOTOLO OPHUNZIRA KUPULUMUTSA ANA ODWALA MWADZIDZIDZI



Mvula ikakhazikika m'mwezi wa Januwale, palibe munthu wokhala chabe kuno kwa Simlemba. Amuna ali m'munda kuthyola fodya, akazi ali pa chigafa kusoka masamba, ndipo dzuwa lilowa ntchito isanathe. Koma nyengo ya fodya ndiyonso nyengo ya udzudzu. Mwana atentha thupi usiku, amake nati, "Tione m'mawa." Kutacha, fodya wakhwima, sangathe kumsiya, atate nati, "Tione madzulo." Pofika tsiku lachitatu mwana uja waleka kuyamwa, maso atembenuka, ndipo m'pamene banja liyamba kuthamanga kukabwereka njinga.

Tsono afika ku chipatala, napeza mzere wautali wa amayi amene adalawira mbandakucha. Akhala kumapeto. Koma taonani, namwino atuluka nayenda pa mzere ponse, akusuzumira mwana aliyense kumaso. Afika kwa wotsiriza uja, amnyamula, nalowa naye m'kati mothamanga. Ena ang'ung'udza nati, "Nanga ife tidalawirira chiyani? Kapena ndi mbale wake?" Iyayi, si ubale, sinso ziphuphu. Namwinoyo wachita chimene adaphunzitsidwa. Mwezi uno tifuna kukusimbirani za anthu amene amaphunzira ndi kuphunzitsa nzeru imeneyi: kumene achokera, ndi zimene mitima yawo ikonda.

Ntchito yake ndi yotani?

Kuyambira kale madotolo adaona chinthu chomvetsa chisoni: mwa ana omwalira m'zipatala, ambiri amatsirizika tsiku loyamba lomwe afika, ena asanaonedwe n'komwe. Mankhwala alipo, koma afika mochedwa kwa mwana wowasowa. Pakuti mwana sali ngati munthu wamkulu. Thupi lake ndi laling'ono, madzi ndi magazi ake ndi ochepa, shuga wa m'thupi mwake amatha msanga, ndipo iye sadziwa kunena pamene pakumpweteka. Amene amasewera m'mawa angathe kukomoka madzulo. Chifukwa chake mwa madotolo mudatuluka ena amene adasankha kukhala pa khomo penipeni pa chipatala, kuti ntchito yawo ikhale ya ola loyamba lija, pamene kuchedwa pang'ono kutaya moyo.

Mayi amene adayamba ku Blantyre

M'dziko lathu nkhani imeneyi siingakambidwe osatchula Mayi Elizabeth Molyneux, dotolo wa ana wochokera ku Mangalande. Iwo adafika m'Malawi m'chaka cha 1974 pamodzi ndi amuna awo, a Malcolm Molyneux, amenenso adali dotolo, nagwira ntchito zaka ngati 10, makamaka pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, chimene ambiri amachitcha cha Gulupu. Atabwerera kwawo, Mayi Molyneux adayang'anira chipinda cha ana odwala mwadzidzidzi pa chipatala cha Alder Hey mu mzinda wa Liverpool. Mu 1995 adabweranso kudzatsogolera maphunziro a matenda a ana pa sukulu ya madotolo ya ku Blantyre, imene idatsegulidwa mu 1991.

Masiku amenewo ana ankaonedwa monga mwa kafikidwe kawo, woyamba kufika ndiye woyamba kulowa, ndipo panalibe malo okonzeka bwino otsitsimutsiramo mwana wokomoka. Mu 2001 padatsegulidwa nyumba yatsopano ya ana odwala mwadzidzidzi. Antchito adaphunzitsidwa kusankha ana pa khomo. Mankhwala, mpweya ndi poyezera magazi zidaikidwa pafupi. Madotolo odziwa adayamba kukhala pomwepo. Zipatso zake zidaoneka. Kale mwa ana 100 ogonekedwa ankamwalira 10 kufikira 18. Pambuyo pake adatsika kukhala 6 kufikira 8. Sikudadze mankhwala achilendo ayi. Chimene chidasintha ndicho maso a pa khomo ndi changu cha manja.

Mu 2005 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, lidafalitsa maphunziro otchedwa ETAT, amene adayamba kuyesedwa ku Malawi ndi ku Brazil. Wophunzira ETAT ayang'ana mwana kamphindi kochepa, nadzifunsa: Kodi mpweya ukudutsa pakhosi? Akupuma bwanji? Manja ndi ozizira? Apsinja chikhadabo nachileka, kuti aone ngati magazi abwerera masekondi 3 asanathe. Aona ngati mwana wakomoka kapena ali ndi linjirinjiri. Atsina khungu la pamimba kuti adziwe ngati madzi atha m'thupi. Atatero agawa ana patatu: ofuna chithandizo nthawi yomweyo, oyenera kuonedwa msanga, ndi okhoza kudikira pa mzere.

Njira zitatu zofikira pa khomo limodzi

Kodi anthu ophunzira ntchito imeneyi achokera kuti? Sadzera njira imodzi.

Oyamba ndiwo amene adayamba akhala madotolo a ana. Ku America, kumene mayeso oyamba a ukatswiri umenewu adalembedwa mu 1992, dotolo atatsiriza sukulu aphunzira matenda a ana zaka 3, ndipo aonjeza zaka zina 3 pa za ana odwala mwadzidzidzi. Achiwiri ndiwo amene adazolowera kulandira anthu a misinkhu yonse ovulala pa msewu kapena ogwa mwadzidzidzi. Iwo aonjeza zaka 2 kuphunzira za ana. Oyamba aja adziwa mwana, nafuna kuphunzira changu. Achiwiriwa adziwa changu, nafuna kuphunzira mwana. Ena mwa madotolo otere amadza kudzagwira ntchito pamodzi ndi Amalawi pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, kumene odwala kwambiri a ku Kasungu amatumizidwa. Kumenekonso, monga adalengeza mu 2012, imfa za ana zidachepa atakonza kalandiridwe ka pa khomo.

Kwathu kuno mnyamata kapena mtsikana wofuna udotolo aphunzira zaka 5 kapena 6 pa sukulu ya ku Blantyre ija, imene kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Atatha ayamba wagwira ntchito pansi pa akuluakulu, ndipo wofuna kukhala katswiri wa ana aphunziranso zaka 4. Ena amapitiriza ku chipatala cha ana cha Red Cross ku Cape Town, nabwerako ndi luso la kusamala ana odwala mwakayakaya. Motero ntchito imene idayamba ndi alendo ili tsopano m'manja mwa eni dziko. Mayi Queen Dube, mwachitsanzo, adatsogolera madotolo a ana ku Queen Elizabeth, pambuyo pake nakhala mkulu wa ntchito za chipatala mu Unduna wa Zaumoyo.

Njira yachitatu ndiyo ikhudza ife koposa. Mwana wa kwa Simlemba sayamba waonana ndi katswiri. Woyamba kumgwira ndi namwino, kapena mmodzi wa aja timangowatcha adokotala, amene pa ntchito yawo atchedwa clinical officer ndi medical assistant, kaya pa chipatala chathu chaching'ono, kaya ku Nkhamenya, kaya ku boma ku Kasungu. Maphunziro a ETAT adakonzedwera iwowa, ndipo atenga masiku owerengeka okha. Amanenanso kuti ngakhale mlonda wa pa geti ndi kalaliki wolemba maina aziphunzitsidwa kuzindikira mwana wosayenera kudikira, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Zimene mitima yawo ikonda

Ngakhale afika pa khomo limodzi, aliyense ali ndi chake chimene chimgwira mtima.

Ena akonda kufufuza malungo aakulu. A Malcolm Molyneux ndi Mayi Terrie Taylor wa ku America adaona kuti muyeso wa chikomokere wa anthu aakulu sugwira pa mwana wosadziwa kulankhula. Tsono adakonza wina, wofalitsidwa mu 1989, umene utchedwa ndi dzina la Blantyre. Dotolo aona ngati maso a mwana atsata nkhope ya amake, ngati alira monga ayenera, ndi ngati adziwa pamene wamtsina. Nawerenga kuyambira 0 kufikira 5. Muyeso umenewu ugwira ntchito m'maiko ambiri a malungo.

Ena akonda za kupuma. Makanda obadwa masiku asanakwane amavutika kufutukula mapapo, ndipo makina othandiza a ku Ulaya ndi a mtengo wapatali. Madotolo a ku Queen Elizabeth adagwirizana ndi amisiri a pa Rice University ku Texas, napanga kamakina kotsika mtengo kokankha mpweya pang'onopang'ono m'mphuno mwa khanda, nakatcha dzina la Chichewa, Pumani. Kafukufuku amene adafalitsa a Kondwani Kawaza ndi anzawo mu 2014 adaonetsa kuti mwa makanda 100 obanika kwambiri adapulumuka 71 ndi kamakinaka, pamene ndi mpweya wokha adapulumuka 44.

Ena akonda kuyesa ngakhale zimene mabuku anena. Zaka zambiri madotolo ankaphunzitsidwa kuti mwana wotentha thupi amene magazi sakuyenda bwino apatsidwe madzi ambiri a m'diripi mofulumira. Mayi Kathryn Maitland ndi anzawo adayesa chiphunzitsochi pa ana oposa 3,000 ku Kenya, Uganda ndi Tanzania, ndipo mu 2011 adapeza chodabwitsa: opatsidwa madzi mofulumira aja adamwalira ambiri koposa anzawo. Malangizo adasinthidwa. Dziwani kuti izi sizinena za mwana wotsegula m'mimba, pakuti iye afunadi madzi. Koma mukaona diripi ikudontha pang'onopang'ono, musaganize kuti namwino akumana, ndipo musaikhudze.

Enanso akonda za ngozi ndi ziphe, ndipo apa m'pamene nkhani ifika pa chigafa pathu. Mwana wonyamula fodya wonyowa ndi mame amalandira ululu wa fodyayo kudzera pa khungu. Achita chizungulire, mutu umpweteka, nasanza. Mankhwala opopera m'munda osungidwa m'botolo la zakumwa, parafini woikidwa pansi, moto wa pa khonde m'mwezi wa Juni: zonsezi zimadzetsa ana pa khomo la chipatala, ndipo madotolo amenewa aphunzira chochita ndi chilichonse.

Koma pafupifupi onse akonda chinthu chimodzi, ndicho kuphunzitsa. Adziwa kuti iwo ndi ochepa, ana ndi ambiri. Chifukwa chake luso lawo saliumira.

Gawo lathu ndi liti?

Abale, dotolo wa pa khomo, ngakhale aphunzire zaka 15, sangathe kupulumutsa mwana amene sadafike pa khomopo. Ola loyamba lija liyambira m'nyumba mwanu, ndipo woyamba kusankha ndinu amake ndi atate ake. Chifukwa chake sungani izi.

Choyamba, dziwani zizindikiro zosalola kudikira: mwana wokana kuyamwa kapena kumwa, wosanza chilichonse, wa linjirinjiri, wolefuka kapena wovuta kumdzutsa, wopuma mofulumira nthiti zikulowa m'kati, wa zikhato zoyera, wotupa mapazi onse awiri. Khanda losakwana miyezi 2 likangodwala, nyamukani. Usiku kapena usana, fodya akhwime asakhwime, nyamukani. Makolo adati zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndipo nyengo ya mvula isanafike, banja lipangane za njinga kapena ngolo, ndi kandalama ka ulendo, kuti mayi asadikire mwamuna amene wapita ku msika.

Chachiwiri, samalani za pa njira. Mwana wa linjirinjiri mumgoneke cham'mbali, osaika supuni kapena chala m'kamwa mwake, osamfukiza utsi, osammwetsa kanthu. Amene akutha kumeza, apitirize kuyamwa. Womwa parafini kapena mankhwala a m'munda musamsanzitse. Tengani botolo lake mukaonetse. Wonyowa ndi fodya kapena ndi mankhwala opopera mumvule zovala, mumsambitse ndi sopo. Wopsa ndi moto mumthire madzi ozizira aukhondo nthawi ndithu, osapaka kanthu pa bala. Kabuku ka kuchipatala musakaiwale.

Chachitatu, mukafika musakhale chete kumapeto kwa mzere chifukwa cha ulemu. Pitani kwa namwino kapena kwa wantchito aliyense, nimunene momveka kuti, "Mwanayu wakomoka," kapena, "Mwanayu akubanika." Nenaninso zoona za tsiku limene adayamba kudwala ndi za mankhwala onse amene mwampatsa, a m'golosale ndi a zitsamba omwe, dotolo safunsira kuti akudzudzuleni, koma kuti adziwe poyambira. Ndipo tsiku limene mwana wa mnzanu adzatengedwa kutsogolo inu muli pa mzere, musang'ung'udze. Kudikira kwanu kutanthauza kuti wanu ali bwinopo.

Potsiriza, mawu kwa inu anyamata ndi atsikana a pa sukulu. Ntchito imeneyi ifuna munthu wa maso openya, wa mtima wodekha pamene ena asokonezeka, wodziwa kulankhula ndi mayi wamantha. Amene adakulira kuno adziwa kale kutalika kwa njira ya ku chipatala m'matope a Febuluwale, ndi chifukwa chimene mayi amachedwera. Zimenezo sizilembedwa m'mabuku. Limbikirani masamu ndi sayansi. Ndipo inu makolo, mabelo akagulitsidwa, kumbukirani fizi ya mwana, wamkazi ndi wamwamuna yemwe, pakuti zipatala za m'boma lathu zifuna anthu otere pa makomo awo.