Msana Ndiye Khasu Lanu: Mphindi 10 za Yoga Mukaweruka

M'migodi yambiri ya golide ndi pulatinamu ku South Africa, malo okumbira ndi otsika moti munthu sangaime chilili. Pena denga limangopitirira pang'ono mita imodzi. Amene amagwira makina oboola miyala amatha maola ambiri atagwada kapena atanjuta, makinawo akunjenjemeretsa manja ndi mapewa. Potuluka msana uli gwa, ngakhale kuvula majombo kumakhala kovuta.

Thupi limazolowera mmene mumaliikira. Mukakhala chowerama tsiku ndi tsiku, minofu ya m'chiuno ndi ya kumbuyo kwa ntchafu imaumirira, ndipo msana umalemedwa. Miyendo yotopa imadzandiranso msanga pa makwerero ndi pa malo onyowa. Msana ukafa, ntchito yathera pomwepo, ndipo kumudzi khasu lidzakukanikani.

Kodi yoga n'chiyani?

Yoga inachokera ku India kalekale. Mu 2014 bungwe la United Nations linasankha 21 Juni kukhala tsiku la yoga pa dziko lonse. N'zoona kuti inayambira m'miyambo ya chipembedzo ya kumeneko, koma zimene tikufotokoza pano ndi kuwongola thupi ndi kupuma mofatsa basi. Simulipira kanthu. Bulangete ndi kampata pafupi ndi bedi n'zokwanira.

Yesani izi mukasamba:

1. Gwadani, manja pansi. Potulutsa mpweya kwezani msana m'mwamba ngati mphaka wodziwongola, pokoka mpweya utsitseni pang'onopang'ono. Chitani ka 8.

2. Gonani chafufumimba, yedzamirani pa zigongono, dzutsani chifuwa. Pumani ka 5. Izi zimabweza msana umene wakhala chowerama.

3. Gwadani ndi bondo limodzi, phazi linalo kutsogolo. Kankhirani chiuno kutsogolo mpaka mumve kukoka pa ntchafu ya mwendo wogwadawo. Dikirani masekondi 30, kenako sinthani.

4. Imani ndi mwendo umodzi pafupi ndi khoma, maso pa chinthu chimodzi. Werengani mpaka 30 ndi kusintha mwendo. Mukazolowera, yesani kuvala sokosi muli chiimire chomwecho.

Kumva kukoka n'kwabwino, koma ululu wobaya ndi chizindikiro choti muleke. Musagwire mpweya, musapikisane ndi mnzanu, ndipo musachite mutamwa mowa. Pang'ono tsiku lililonse n'kothandiza kuposa ola lathunthu Lamlungu lokha.

Yoga si mankhwala a zonse

Yoga singachotse fumbi m'mapapo. Sichiza silicosis kapena chifuwa chachikulu cha TB. Pitani ku chipatala msanga ngati:

• mwatsokomola kwa milungu iwiri, mukutuluka thukuta usiku kapena mukuwonda;

• msana ukupweteka usiku pamodzi ndi kutentha thupi, chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana;

• miyendo yachita dzanzi kapena yafooka;

• mukulephera kugwira mkodzo kapena chimbudzi. Pamenepa musadikire mawa.

Ngati munavulalapo msana kapena bondo, yambani mwafunsa namwino wa pa mgodi. Musabise ululu poopa kuchotsedwa ntchito, chifukwa vuto lopezeka msanga silivuta kuchiza.

Munabwera kuno ndi thupi lamphamvu. Lisamaleni kuti mukafike nalo kwanu, mukathe kulima ndi kunyamula adzukulu.