Fumbi Lobala Mapulaneti

Tambala akamalira m'bandakucha, nthawi zina Nthanda imaoneka ikuwala kum'mawa. Anthu ambiri amaiyesa nyenyezi, koma si nyenyezi ayi. Nthanda ndi pulaneti, ndiye kuti dziko loyenda mozungulira dzuwa monga lichitira dziko lapansi. Mapulaneti ozungulira dzuwa alipo 8. Kodi iwowa anachokera kuti?

Akatswiri a zakuthambo amanena kuti zaka pafupifupi mamiliyoni 4,600 zapitazo kunali chimtambo chachikulu cha mpweya ndi fumbi. Chimtambocho chinayamba kudzikokera pamodzi, uku chikuzungulira ngati kamvuluvulu. Pakati pake panaunjikana mpweya wambiri, ndipo panatentha koopsa mpaka panayamba kuwala. Limeneli ndilo dzuwa.

Mpweya ndi fumbi zotsalazo zinayalika mozungulira dzuwalo ngati lichero lalikulu. M'licheromo tinjere ta fumbi tinkagundana ndi kumatirirana. Tinjereto tinasanduka timiyala, timiyalato tinasanduka matanthwe, ndipo matanthwe aakulu anayamba kukoka aang'ono. Paja akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Patapita zaka mamiliyoni ambiri, matanthwe aja anakhala mapulaneti.

Pafupi ndi dzuwa kunali kotentha, kotero kunabadwa mapulaneti aang'ono amiyala: Mercury, Venus amene ndiye Nthanda, dziko lapansi ndi Mars. Kutali kunali kozizira, ndipo madzi oundana anali ochuluka. Mapulaneti a kumeneko anakula msanga nakoka mpweya wambiri. Wamkulu mwa onsewo ndi Jupiter.

Palibe munthu amene anaona zimenezi zikuchitika. Komabe kuthambo nyenyezi zina zikubadwa ngakhale lero. M'chaka cha 2014, akatswiri anajambula nyenyezi yakhanda yotchedwa HL Tauri. Iwo anagwiritsa ntchito makina oonera kutali otchedwa ALMA, amene ali m'chipululu cha Atacama ku Chile. Pachithunzicho panaoneka lichero la fumbi lokhala ndi mizere yakuda yozungulira. Akatswiri ambiri amaganiza kuti mizereyo ndi njira za mapulaneti atsopano, amene akusesa fumbi pamene akuyenda.

Motero mwana woyang'ana Nthanda m'mawa azikumbukira kuti iyo ndi nthaka imene wapondapo zinachokera m'lichero limodzi.

Mafunso
1. Kodi pulaneti nchiyani?
2. Fotokozani momwe fumbi linasandukira mapulaneti.
3. Nchifukwa chiyani mapulaneti akutali ndi dzuwa ali aakulu?
4. Kodi akatswiri anaona chiyani m'chaka cha 2014?