Mutu Usenza Mitolo Inai Cabe

Ku Nabvutika, mwana wina wokonzekera Ukaristia Woyamba analira atalephera kuchula Malamulo Khumi. Amai ake anati ali ndi mutu wouma. Abale, mwanayo alibe mlandu.

Mu 2001, katswiri wa ku America, Nelson Cowan, analemba kuti maganizo a munthu agwira zinthu pafupifupi zinai cabe panthawi imodzi. Koma cimene cinakhazikika kale m'mutu cibwera ngati mtolo umodzi. N'cifukwa cake agogo anena Atate Athu osapunthwa, koma nambala yatsopano ya foni iwathawa.

Makolo, musamenye ana. Aphunzitseni malamulo atatu lero, mawa muwafunse buku lili lotseka. Alimi, teroninso ndi malangizo a feteleza. Pang'onopang'ono ndi mtolo.